Kalata yotseguka kwa Gavanala Wes Moore: odwala a ku Central America azifunsidwa zimene anaona kwawo

Olemekezeka Bwana Gavanala,

Ndine namwino wochokera ku Malawi, ndipo ndimagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono ku Prince George's County, kuno ku Maryland, m'dziko la America. Odwala athu ambiri kwawo ndi ku El Salvador, Guatemala ndi Honduras. Ndakulemberani chifukwa cha achikulire pakati pawo, amayi ndi abambo amene amabwera akudandaula mutu wosatha, msana, kusowa tulo ndi mtima wothamanga. Timawayeza BP ndi shuga, timawapatsa mapilitsi, mwezi ukatha abweranso ndi zomwezo. Pa fomu yathu pali funso la fodya ndi la mowa. Funso lakuti "kodi munaonapo nkhondo?" palibe.

Chonsecho nkhondo anaiona. Ku El Salvador inatha zaka 12, kuyambira 1980 mpaka 1992, ndipo inapha anthu pafupifupi 75,000. Mu Disembala 1981 asilikali a gulu la Atlacatl, amene anaphunzitsidwa ndi asilikali a dziko lino, anapha anthu mazana ambiri pamudzi wa El Mozote, ochuluka mwa iwo ana. Ku Guatemala nkhondo inayamba 1960 n'kutha 1996, ndipo komiti yofufuza choona inapeza mu 1999 kuti anthu oposa 200,000 anaphedwa kapena kusowetsedwa, ambiri a mtundu wa Maya. Mwana amene anabisala m'munda wa chimanga nthawi imeneyo lero ndi gogo wa ku Langley Park, m'dera lathu lino, amene sagona.

Chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Munthu akalowa m'dziko lino ngati wothawa nkhondo wovomerezeka, amapimidwa akangofika ndipo pamakhala mabungwe omuyang'anira. Anthu awa sanalandiridwe choncho. M'zaka za m'ma 1980, mwa anthu 100 a ku El Salvador kapena Guatemala opempha chitetezo, ololedwa sankafika atatu, mpaka mipingo inakasuma boma ndipo mlanduwo unatha ndi mgwirizano mu 1991. Analowa ngati ofuna ganyu, kotero palibe amene anawafunsa zimene anasiya kumbuyo. Ife a ku Malawi tinasunga abale athu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo, ndipo tikudziwa kuti munthu amatha kulima, kubereka ndi kuseka kwa zaka zambiri zoopsa zili m'kati.

Mu 2003 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa Dr David Eisenman ndi anzake m'zipatala za ku Los Angeles. Mwa odwala 638 ochokera ku Latin America, oposa theka, 54 pa 100 alionse, anati anakumana ndi nkhanza za ndale kwawo. Atatu okha pa 100 alionse mwa iwowo ndiwo anauzapo dokotala, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene dokotala wake anamufunsa. Padutsa zaka zoposa 20, koma zimene ndimaona kuno sizikusiyana.

Ena amati anthu awa safuna thandizo la matenda a maganizo, chikhalidwe chawo sichilola. Ine ndikukana. Manyazi alipo, makamaka kwa abambo, monganso kwathu. Koma taganizani mayi amene anagwiriridwa ndi asilikali, ndipo womumasulira lero ndi mdzukulu wake wa zaka 12. Anena bwanji? Akangoti mutu ukuwawa, wachita nzeru. Komanso ambiri a ku Guatemala kuno chilankhulo chawo ndi Mam kapena K'iche', ndipo Chisipanishi amangochidziwa cha pamsika. Kuwapatsa pepala la Chisipanishi n'kunena kuti tawathandiza ndi kudzinamiza.

Ndikupempha kuti Unduna wa Zaumoyo wa Maryland uike funso limeneli pa mafomu a zipatala zonse zolandira ndalama za boma, ndipo anamwino tiphunzitsidwe kulifunsa mwaulemu, kuchipinda kotseka, womasulira wophunzira ali pomwepo. Koma funso lokha lingavulaze. Kutsegula bala lakale popanda mankhwala n'kuzunza munthu kachiwiri. Pakufunika mlangizi amene wodwala angamuone tsiku lomwelo, pachipatala chomwecho, osati kalata yomutumiza kwina kumene akadikire miyezi ndi kukwera mabasi awiri. La Clínica del Pueblo, imene inayamba mu 1983 ku Washington pothandiza othawa nkhondo a ku El Salvador, yakhala ikugwiritsa ntchito alangizi a zaumoyo a m'madera momwemo, amene anthu amawakhulupirira. Alangizi oterewa azilipidwa ndi boma mokhazikika.

Ndikuyamikira kuti mu 2024 munasaina lamulo la Access to Care Act, lolola anthu opanda mapepala kugula inshuwalansi ya zaumoyo. Koma lamulolo silimawachotsera mtengo, ndipo mayi woyeretsa m'nyumba za anthu sangaukwanitse.

Pali nkhani ina ya mantha. Mu Januwale 2025 boma la ku Washington linachotsa ndondomeko imene inkaletsa apolisi oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko kugwira anthu m'zipatala, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Kwa munthu amene bambo ake anatengedwa usiku ndi amuna a mfuti osabwereranso, galimoto yoima pakhomo imadzutsa zonse zakale. Odwala ena asiya kubwera. Munthu wotere sangauze namwino mbiri yake ngati akukayika kumene fayilo yake ikathere. Nenani poyera, m'Chisipanishi ndi m'chi-Mam, pa wailesi ndi m'matchalitchi mwawo, zimene chipatala cha ku Maryland chimachita ndi zolemba za wodwala, ndi amene ali ndi mphamvu yoziona.

Bwana Gavanala, inu munakhalapo msilikali ku Afghanistan, ndipo mukudziwa kuti asilikali obwerera ku nkhondo amafunsidwa za PTSD, matenda a maganizo obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu anaona, akapita kuchipatala chawo. Ndikupempha kuti mu bajeti ikubwerayi muike ndalama za omasulira ndi alangizi, kuti anthu wamba amene nkhondo inawapeza m'midzi mwawo azifunsidwanso chimodzimodzi.

Ine wanu,
Namwino wa ku Prince George's County