Anzanga a ku Kasungu, Djokovic sanagulitse gemu

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo mu nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga okonda tenesi kuno ku Kasungu. Tilipo ochepa inde koma pa WhatsApp phokoso lathu ndi lalikulu.

Chandiwawa ndi zomwe ndinaona Novak Djokovic atagonja kwa Botic van de Zandschulp pa mpikisano wa Indian Wells ku America mu Malichi 2025, 6-2, 3-6, 6-1. Kutacha nditatsegula foni ndinapeza pa gulupu pathu pali moto, wina akuti wagulitsa gemu, wina akuti mdalayu watha akapume basi, wina mpaka kutukwana makolo a munthu, ndiye ukafunsa bwinobwino okwiya kwambiriwo ndi aja anamuika Djokovic pa tiketi ya betting pamodzi ndi magemu a mpira wa ku England poganiza kuti apa palibe kuluza. Gemuyo sanaionere n'komwe, inamenyedwa usiku iwo ali mtulo. Mnyamata wina anandiuza poyera kuti inali ndalama ya kuchigayo imene mayi ake anamutuma nayo. Ndinamumvera chisoni kwambiri, koma achimwene, mlandu umenewo si wa Djokovic.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti palibe ndi mmodzi yemwe anatchula dzina la wopambanayo, onse amangoti "kamunthu kosadziwika". Kosadziwika bwanji? Mnyamata wa ku Netherlands ameneyu ndi yemwe uja anatulutsa Carlos Alcaraz mu US Open ya 2024 mu raundi yachiwiri, 6-1, 7-5, 6-4, iye ali pa nambala 74 pa dziko lonse pamene Alcaraz anali atangotenga kumene zikho za Roland Garros ndi Wimbledon. Mu Novembala chaka chomwecho ku Malaga ku Spain mu Davis Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, anagonjetsa Rafael Nadal 6-4, 6-4, ndipo imeneyo ndiyo inali gemu yomaliza ya Nadal. Ndiye Alcaraz, Nadal ndi Djokovic onsewa anagulitsa kwa munthu mmodzi? Ayi ndithu, tiyeni tizilemekeza thukuta la mnzathu. Komanso ku Indian Wells ko Van de Zandschulp analowa movutikira, anali atagonja mu ndime yachipulula yosankhira olowa mu mpikisanowo n'kulowa m'malo mwa wina amene anasiya, ndipo mu 2024 atagonja ku Roland Garros ananena yekha kuti akuganiza zosiya tenesi. Ine nkhani ngati imeneyi imandilimbitsa mtima, ndimafuna ana athu aimve.

Za Djokovic nazo tisamaiwale msanga. Bambo wa zaka 37 panthawiyo, mu Januwale 2025 pa Australian Open ku Melbourne anasiyira panjira semifainolo yake ndi Alexander Zverev itangotha seti yoyamba chifukwa cha kuvulala mwendo, anthu ena m'bwalomo mpaka kumukuwiza, zomwe zinandinyansa. Ku Indian Wells amamenya maseti atatu okha osati asanu, ukayamba mozizira nthawi yodzikonza ndi yochepa. Munthu wa zikho 24 za Grand Slam, mipikisano inayi ikuluikulu ya tenesi, ndi golide wa Olympics ku Paris angagulitse gemu kuti apeze chani chomwe alibe?

Ife kuno kuti tionere tenesi timachita kupempha mwini bala pa boma kuti atiikireko SuperSport mpira ukatha, nthawi zina amakana, nthawi zina magetsi azima seti ili pakati. Ndiye zimawawa kuti masewera amene timawavutikira chonchi ena akungowaona ngati kanambala kodzazira tiketi.

Pempho langa kwa inu akonzi, pa tsamba la zamasewera muzitiikirako ngakhale ndime ziwiri za tenesi, makamaka Roland Garros ikamayamba mu Meyi, muzilembanso mbiri ya anyamata a pansi pa ndandanda ngati Van de Zandschulp kuti anzangawa aziwadziwa mayina.

Ine wanu,
Wokonda tenesi,
Kasungu boma