Mthuthu tisamausadze ngati tchire wamba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi alimi anzanga kuno ku Bembeke mpaka ku Lizulu ndi Tsangano za kamtengo kaja ka mthuthu, ena amati ombwe, kamene kamamera kokha mmalire mwa minda ndi mmbali mwa misewu, kamasamba aubweya, maluwa oyera ena ofiirira, zitheba zake nazonso zaubweya. Ambiri tikakapeza mmunda timangokasadza nkuwotcha limodzi ndi mapesi, pomwe feteleza pano thumba limodzi linadutsa K100,000 kalekale, chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 paja zinthu sizinabwererenso, ndipo pa ndondomeko ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo sikuti aliyense dzina lake limatuluka.

Mthuthu uli mgulu la nyemba ndi nandolo. Mukazula kakang'ono muone mizu yake, mupeza timibulu ting'onoting'ono, ndimo mmene mumapangidwa nayitrojeni yemweyo timamugula mu urea. Ine ndimadzala pakati pa mapando a chimanga mvula yoyamba, chimanga chikakololedwa iwo umatsala nkumakula chilimwe chonse mpaka kupitirira munthu, nde pokonza mizere ndimadula, masamba ndi tinthambi tanthete nkukwirira, ndodo zake nkhuni zophikira. Sindikunena kuti feteleza mumusiya chaka chomwecho ayi, koma dothi limafewa, lija lofiira louma gwa limayamba kuda. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri nchoti mbuzi siziudya. Aliyense wa kuno akudziwa mmene nandolo amathera ziweto zikamasulidwa tikakolola, koma mthuthu mbuzi imangonunkhiza nkudutsa.

Kudimba nako umathandiza. Masamba muyanike pamthunzi osati padzuwa, musinje, ufawo kilo imodzi muviike mmalita 10 a madzi usiku onse, muikemo kasopo pang'ono kuti mankhwala azimata pamasamba, mawa lake musefe ndi kansalu nkupopera madzulo chifukwa dzuwa limaupha mphamvu. Nsabwe za pa repu, kabichi ndi nyemba zimachepa ndithu, ndipo ena amathira ufawo mmatumba a nyemba zambewu kuopa anankafumbwe, enanso amasambitsira ng'ombe nkhupakupa. Koma chonde ndi poizoni ameneyu, posinja mangani kansalu kumphuno, ana akhale kutali, ndipo ndiwo zopoperedwa mudikire masiku angapo nkutsuka bwino musanaphike. Amene mumathira mthuthu mu mtsinje wa Linthipe ndi mmadambo kuti muphe nsomba mukulakwa kwambiri, zimafa ndi tiana tomwe, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Chinanso musadzale tomato kapena fodya pamalo pomwe panali mthuthu, umasunga tinyongolotsi tija totupitsa mizu.

Tsopano pempho langa lipite kwa alangizi ndi unduna wa zaulimi. Akatswiri anapeza kuti mthuthu wa muno mMalawi uli mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina uli ndi mankhwala ophera tizilombo aja amati rotenoids wina ulibe, nchifukwa chake mlimi wina amapopera nkuona zikufa pomwe mnzake wapopera chimodzimodzi koma nsabwe zili phee, mapeto ake amati zonsezi nzabodza nkubwerera kukagula mankhwala a mmabotolo pamsika. Mlimi ndi maso okha sangasiyanitse. Ku Makoka ku Zomba a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya mminda, anagwira ntchito yaikulu pa mitengo yobwezeretsa chonde ngati umenewu, jelejele ndi gliricidia, nanga bwanji mbewu yoyesedwa kale siikupezeka kumaofesi a zaulimi a mmadera athu, aja amati ma EPA? Ku Bembeke kuno tili ndi malo a kafukufuku wa zaulimi, achulukitse mbewu ya mtundu wamphamvuwo, aipereke kumakalabu ndi kwa alimi otsogolera olo kakapu kamodzi pakhomo, mvula isanagwe osati mu Januwale chimanga chitafika kale mmawondo.

Mlimi wa ku Bembeke,
Dedza