Mlendo tinamuombera m'manja, kenako tinamutulutsa panja

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 46, ndimakhala ku Kapata muno mu Chipata, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala mmodzi mwa anthu amene amaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu m'mawa kulandira alendo ndi kuwasonyeza pokhala. Dzina la mpingo wathu sinditchula, chifukwa sindikufuna kuyalutsa anthu amene ndimadya nawo mgonero.

Miyezi iwiri yapitayo kunabwera mayi wina wamasiye wochokera ku Lundazi, amene anasamukira kuno kudzagulitsa salaula (zovala zovalidwa kale) pamsika. Amalankhula Chitumbuka, Chinyanja amangochimva pang'ono. Anabwera ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 9, amene anasiya kumva atadwala ali wakhanda. Tsiku loyambalo tinachita monga mwa mwambo wathu: anaimirira, anatchula dzina ndi kwawo, tinamuombera m'manja, ndipo mlembi analengeza kuti akhale womasuka pakuti m'nyumba ya Mulungu mulibe mlendo.

Koma mwanayo, popeza sadzimva yekha, amatulutsa mawu okweza akasangalala, makamaka akaona kwaya ikuvina kapena akamva kugunda kwa ng'oma m'thupi mwake. Lamulungu lachitatu, ulaliki uli mkati, mayi mmodzi wachikulire ananyamuka n'kukauza make kuti atenge mwanayo akakhale naye pansi pa mtengo wa mango mpaka mapemphero atathe. Anatuluka mutu uli pansi, kudutsa pakhomo pomwe ndinaima ine, ndipo sindinatsegule pakamwa. Chimene chinanditseka pakamwa n'chakuti mayi wachikulireyo ndi apongozi anga, amayi awo a bambo a kunyumba kwanga, amene anaumba nawo njerwa za tchalitchichi ndipo aliyense amawalemekeza.

Kuyambira tsiku limenelo mayi uja sanapondenso pa tchalitchi. Patapita milungu itatu ndinakamupeza kumene amachita lendi, ndipo anandilandira bwino kwambiri kotero kuti manyazi anga anawonjezeka. Sanadandaule za munthu aliyense. Anangondiuza kuti kulikonse kumene wapita ndi mwanayu amathera panja, ndipo anaganiza kuti mumzinda zinthu zikhala zosiyana. Ndinazindikiranso kuti popeza analibe kalata yosamukira yochokera kumpingo wakwawo, dzina lake silinalembedwe m'dera lililonse la mpingo wathu, choncho palibe mkulu wa mpingo kapena mayi aliyense amene anali ndi udindo womuyendera. Tinamuombera m'manja, koma m'mabuku mwathu munalibe.

Nkhaniyi ikundisowetsa tulo chifukwa ndikudziwa mbiri ya dera lathu lino. Ku Magwero, kufupi ndi mzinda uno, kumene amishoni anayamba ntchito mu 1899, kuli sukulu za ana osaona ndi osamva, ndipo anthu akuno timanyadira zimenezi. Timawerenganso pa Marko 7 mmene Ambuye anaonetsera chifundo kwa munthu wosamva, ndi pa Yakobo 2 mmene tikuchenjezedwera kuti tisamasankhe anthu powapatsa pokhala. Nanga zatheka bwanji kuti ife tione mwana wotere ngati chosokoneza mapemphero? Sindikunena kuti apongozi anga ndi munthu woipa mtima. Anakula akuphunzitsidwa kuti m'tchalitchi mumakhala bata, ndipo ndikukhulupirira kuti m'maganizo mwawo ankateteza ulemu wa mawu a Mulungu. Koma ana akumva nawonso amalira ndi kuthamangathamanga, ndipo sitinatulutsepo amayi awo pamaso pa mpingo wonse.

Nditawafotokozera amuna anga, anandiyankha kuti ndisautse mapiri pachigwa, pakuti mkamwana sadzudzula apongozi ake, ndipo nkhani ikafika kubwalo la akulu a mpingo idzasanduka mlandu wa pabanja. Mawu awo ali ndi nzeru, koma kukhala chete n'kumene kwatifikitsa pano.

Tsono ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndiyambe ndalankhula ndi apongozi anga patokha, ndipo ndilowe ndi mawu otani kuti asaone ngati ndikuwachotsa ulemu? Kapena ndipite kwa abusa osatchula dzina la munthu, n'kupempha kuti mpingo uphunzitsidwe za kulandira anthu olumala, ndi kuti mlendo azipatsidwa womuyendera ngakhale kalata yake isanafike? Ndaganizanso zopempha achinyamata awiri kapena atatu kuti aphunzire chinenero chamanja kuti mwanayu apeze anzake ku Sande sukulu, koma ndikuopa kuyamba zimenezi bala loyamba lisanapole.

Chimene chikundivuta koposa ndi mayi mwini wakeyo. Sindikufuna kumukokera kutsogolo kwa mpingo kuti apepesedwe anthu onse akumuyang'ana, pakuti kutero kungakhale kumuchititsa manyazi kachiwiri. Ndamulonjeza kuti ndidzamuyenderanso Loweruka likubwerali. Ndikamuuze chiyani?

Ine mayi wosweka mtima,
Kapata, Chipata