Kalata yotseguka kwa aphungu a dera lathu kuno ku Nkhotakota

Olemekezeka,

Moni wambiri ndinamaliza kale m'makalata atatu aja ndinasiya ku ofesi kwanu, ndi mameseji a pa WhatsApp omwe amangoonetsa kuti mwawerenga basi. Ndiye lero ndati ndilembe poyera, mwina anthu akakakuuzani pa maliro mumva.

Nkhani ndi ya mwana wa achemwali anga, ndamulera ine kuyambira ali sitandade 4. Ndi woyamba kwathu kuponda pa yunivesite, ndipo atamaliza anapeza sikolashipu ya bungwe lina la kunja kuti apange digiri yachiwiri. Kafukufuku wake anali wa malo, kuti munda wa munthu ukamalowa mu sikimu ya nzimbe cha ku Dwangwa uko amasaina ndani, amafunsidwa ndani, komanso ngati lamulo la malo a makolo la 2016 lija likuwateteza amayi amasiye kapena ndi la papepala chabe. Anayenda pa kabaza mudzi ndi mudzi miyezi ingapo, kubwera madzulo miyendo itatuwa mpaka m'maondo, kudya nsima maso ali pa mapepala. Kenako imelo ya mizere itatu, akuti pulogalamu yatha. Lapitopu anagulitsa kuti alipire renti yomwe inatsala ku Zomba. Mapepala onse a mayankho a anthu aja ali mu katoni ya sopo pansi pa bedi langa, ndinaiika pa njerwa ziwiri kuopa chiswe, ndipo Loweruka lililonse ndimaitulutsa padzuwa ngati chimanga. Mwiniwakeyo amadzuka 4 koloko kupita ku doko kukapikula usipa n'kumagulitsa m'mbali mwa M5, azimayi ena omwe anawafunsa mafunso akamupeza pamenepo amati aphunzitsi zinatha bwanji zija, iye amangoseka, koma ine ndimadziwa kusekako.

Chinandiwawa kwambiri si imeloyo ayi. Ndi mawu a mnyamata wanu wa ku ofesi uja, anandiuza kuti bwana atha kuona chochita koma mwanayo asinthe mutu, za malo ndi zotentha, alembe za ubwino wa feteleza wotsika mtengo. Sindikudziwa ngati munamutuma, inu ndinu munthu wophunzira ndipo ndimakupatsani ulemu, koma simunatsutse.

Ine ndine mphunzitsi wopuma, 2011 ndikuikumbukira bwino. A Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi a Peter Mukhito chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, kufanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja ndi zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Chancellor College inaima pafupifupi miyezi 8, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera, a Franz Amin ndi a Chinsinga omwewo anachotsedwa ntchito mpaka a Bingu anabweza moto mu Okotobala. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula mosabisa ufulu wophunzitsa ndi kufufuza popanda wolowerera. Koma lero sipafunikanso kutumiza apolisi, mungotseka mpopi wa ndalama wofufuzayo apezeka yekha pa benchi la usipa.

Ma donor sindikuwanyoza, anatithandiza pomwe ife eni tinali chete. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. 2013 anaimitsa thandizo la bajeti chifukwa cha Cashgate, Januwale 2025 America inaimitsa thandizo lake ndipo USAID inatsekedwa tonse tikuona, nanga tidzadabwa kangati? Ndipo si mwana wanga yekha, pali mnyamata wina amafufuza za malamulo otseka nyanja ali pakhomo, wina wa za mitengo ya mpunga akuyendetsa njinga yamoto.

Nthawi ya kampeni munaima pa gilaundi ya sukulu yathu munanena kuti mwana wa dera lino sadzasiya yunivesite chifukwa cha ndalama, tinaombera m'manja, ine mpaka ndinakugwirani chanza. Za milatho ndi zitsime sindiyambako lero.

Pempho langa ndi ili bwana. Nyumba ya Malamulo ikakumana muimirire mufunse anduna kuti thumba lathulathu la kafukufuku lili ndi zingati, poti mayiko a African Union anagwirizana kalekale zoika 1 peresenti ya chuma cha dziko ku kafukufuku. Ndalamazo zidzere ku National Commission for Science and Technology, osankha akhale akatswiri osati a chipani, ndipo pasakhale wouza wophunzira mutu woti alembe. Za mwana wangayu, ngati mumuthandiza kuti amalize kafukufuku wake, mundiyankhe ndi kalata mwezi uno usanathe, inde kapena ayi, osatumanso mnyamata uja. Mukafuna kuona katoniyo bwerani, nyumba mukuidziwa, munadzamwapo thobwa nthawi ya kampeni.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota