Kwa mphwanga: za ndalama ya mu Ogasiti ndi ntchito yoboola thupi la GT40

Mphwanga,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine kuno ku Cape Town ndilipo, chifuwa chija chinatha. Moni kwa amayi, achemwali, alamu ndi ana onse. Talandira malipiro Lachisanu ndipo ndatumiza R4,500 pa Mukuru. Ndatumiza m'dzina la amayi, osati lako, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa.

Mu Ogasiti ndinakutumizira R3,000. Tinapangana kuti uyambe za pasipoti, yotsalayo ugule girayinda yaing'ono ya 115 mm, tupa ziwiri, yathyathyathya ndi yobulungira, komanso magalasi oteteza maso. Tsono ndikumva kuti ngakhale chithunzi cha pasipoti sunajambulitse, koma uli ndi foni yatsopano ndipo Loweruka umaswera kobetchera mpira ku boma. Sindikuweruza ndisanamve mbali yako. Ndikufuna risiti. Ujambule ndi foni yomweyo unditumizire, girayinda ili m'manja mwako, nkhope yako ikuoneka.

Ukudziwa chimene ndinakutumizira ndalamayo. Akapitawo anena kuti chaka chamawa afuna munthu wina ku gawo la faiba, ulusi wa galasi woumitsidwa ndi guluu umene timapangira thupi la galimoto, ndipo ndakutchula iwe. Sadzakufunsa satifiketi. Adzakupatsa chidutswa cha thupi la galimoto, n'kukuuza kuti tsegula bowo la mphepo ili, iwo ataima pambali. Ndiye werenga bwino zimene ndikulembazi, usunge kalatayi.

Galimoto zimene timapanga ndi zofanizira Ford GT40, ija inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans, ku France, zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1966 mpaka 1969. Ndi yaifupi kwambiri, mainchesi 40 kuchoka pansi kufika padenga, kungopitirira mita pang'ono. Injini ya V8 ili kumbuyo kwa woyendetsa, radiyeta ili kumphuno, madzi amayenda m'mapayipi aatali kuchoka uku kupita uko. Galimoto yotere vuto lake ndi kutentha. Thupi la faiba likamatuluka m'chikombole, mabowo ambiri a mphepo amakhala otseka. Ukayang'ana patali umaona ngati bowo, ukapisa dzanja upeza khoma. Ena amangopaka penti yakuda n'kusiya choncho, kenako n'kumadabwa madzi akuwira pamzere wa galimoto ndiponso mabuleki akufewa potsetsereka.

Usanagwire chida chilichonse, chotsa chigawo chonse cha thupicho uchiike pa mabenchi awiri, pansi utayala bulangete. Usaboole chili pagalimoto. Kuseri kwa mphuno kuli radiyeta, mawaya a nyali ndi mapayipi a mabuleki, ndipo mathanki a petulo ali m'mbali, pansi pa zitseko. Dirilo ikangotulukira mwamphamvu imodzi yokha, wagula radiyeta ndi malipiro a mwezi.

Uuze amayi kuti pa R4,500 imeneyi feteleza ndiye woyamba, NPK thumba limodzi ndi Urea thumba limodzi, mvula isanagwe mitengo isanakwere. Matumbawo agone m'chipinda mwa amayi. Amalume akabwera kudzabwereka, yankho ndi lakuti ndakana ine.

Kunja kwa faiba kuli kachikopa kosalala, gelcoat, kochindikala ngati theka la milimita, ndipo kamabenthuka msanga. Thupi lonse nthawi zambiri limachindikala mamilimita 3 mpaka 5. Mata tepi ya penti malo onse ozungulira podula, ujambule mzere pa tepipo. Bowo la kumanzere ndi la kumanja liyenera kufanana, ndiye dula katoni mofanana ndi bowo limodzi, uitembenuze kuti ujambulire mbali inayo, ndipo uyeze kuchokera pamzere wapakati pa galimoto. Usakhulupirire m'mphepete mwa thupi, chikombole sichifanana mbali zonse. Ukamaliza, jambula mzere wachiwiri mkati mwa woyambawo, mamilimita 3. Podula ndi pa wachiwiriwo. Kuchotsa faiba n'kosavuta, kuibweza ndi ntchito ya masiku awiri.

Yamba ndi makona. Boola ndi dirilo ya 3 mm, kenako ukulitse ndi ya 8 kapena 10 mm, kuchokera kunja kulowa mkati, osakanikiza. Kona iliyonse ikhale yozungulira. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kona yosongoka imaoneka yokongola tsiku loyamba, koma galimoto imanjenjemera, ndipo mng'alu umayambira pakona pomwepo n'kuyenda pansi pa penti. Mwini wake amabwerera patatha miyezi ingapo, ndipo amene amafunsidwa ndi amene anadula.

Ukatero lumikiza mabowowo. Ife timagwiritsa kasowo koyendera mpweya ka mano ang'onoang'ono. Kwanuko gwiritsa girayinda ndi disiki yopyapyala ya 1 mm pamizere yowongoka, ndipo pokhota ugwire mpeni wa hakiso ndi dzanja utaukulunga nsanza. Mpeni wa mano akuluakulu odulira matabwa ayi, umang'amba gelcoat. Usathamangitse girayinda mpaka faiba kununkha kupsa. Zotsala zija mamilimita 3 uzichotse ndi tupa, ukukankha kuchokera kunja kulowa mkati basi. Ukakokera kunja tupa ili yokhudza, imanyamula gelcoat n'kusiya mano ngati a sowo. Kenako sandipepa wa 80 utamukulunga pakathabwa, ubwere ndi 180, umalize ndi 320.

Vala magalasi, chotchinga pakamwa ndi pamphuno chenicheni, osati kansalu, ndi malaya a manja aatali. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze, ndipo m'mapapo sumalimva pamene likulowa. Ukaweruka samba madzi ozizira, usayambe ndi otentha. Zovala zimenezo zisachapidwe pamodzi ndi za ana a achemwali.

Foni imeneyo wagula ndalama zingati? Ngati ndi ya mnzako, nena. Ngati ndi ndalama yanga, uigulitse sabata ino. Ine kuno ndimagona m'chipinda chimodzi ndi anthu atatu, lendi imadya pafupifupi theka la zimene ndimalandira, ndipo ndiwo zanga ndi kabichi ndi mapazi a nkhuku. Ndalama imeneyi sinditola pansi.

Podula paja ulusi wa faiba umatsala poyera, ndipo umamwa madzi. Ukausiya, m'mphepete mumatupa, penti n'kumatukumuka. Paka rezini, guluu wamadzi amene amauma n'kulimbitsa faiba, m'mphepete monse. Komanso pamene wachotsa khoma, thupi lafooka, choncho ulimbitse kuseri. Pala kuseriko ndi sandipepa wa 40 kapena 80, mamilimita 50 kuzungulira bowo, mpaka kusalala konse kutha, upukute ndi asetoni, mankhwala amadzi otsukira mafuta ndi rezini. Ika timizere tiwiri ta mati ya 450, nsalu ya ulusi wa faiba yolemera magalamu 450 pa mita imodzi mbali zonse. Mati uing'ambe ndi manja, usaidule ndi sizasi, kuti m'mphepete mwake musakhale chitunda. Hadena, mankhwala oumitsa rezini, ndi 1 mpaka 2 ml pa magalamu 100 a rezini, ndipo uyeze ndi jekeseni yopanda singano, osati ndi maso. Kuno nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi timathira 2, chifukwa kukazizira kwambiri rezini imachedwa kuuma. Kwanuko kutentha kwa Okutobala thira 1, ugwirire pamthunzi. Ukachulutsa hadena, chitini chimatentha mpaka kufuka utsi, ndipo faiba yake imakhala yosweka msanga. Ukachepetsa, imamata mpaka mawa. Sakaniza pang'onopang'ono, magalamu 200 basi, chifukwa uli ndi mphindi 15 kapena 20 isanayambe kugwira. Mita imodzi mbali zonse ya mati ya 450 imamwa rezini yopitirira kilo pang'ono, ndiye werengera usanagule. Dinda ndi burashi, usapake ngati penti. Pamene pakuoneka poyera ndiye kuti pali mpweya kapena sipananyowe, ndipo sipalimba. Hadena ikalowa m'diso munthu amachita khungu, ukhale ndi ndowa ya madzi pafupi, ndipo fodya ndi moto zikhale kutali.

Koma kudula bwino sikokwanira, ndipo akapitawo adzakufunsa kuti mphepoyi ikupita kuti. Mphepo imadzera pophweka. Ukatsegula pakamwa pa mphuno koma m'mbali mwa radiyeta muli mipata, mphepo imazungulira radiyeta m'malo modutsa mkati mwake. Timatseka mipatayo ndi malata a aluminiyamu, pansi, pamwamba ndi m'mbali, ndi siponji pamene malata akukumana ndi thupi. Chachiwiri ndi potulukira. Mphepo ikalowa koma ilibe kotulukira, imadzazana kuseri kwa radiyeta, ina silowanso. Pa GT40 imatulukira pamwamba pa boneti, pa bowo limodzi lalikulu kapena awiri ang'onoang'ono. Galimoto ikamatentha, anthu amathamangira kukulitsa pakamwa, chonsecho chofinya ndi potulukira. Yamba wayang'ana kumeneko.

Mabowo awiri a m'mbali mwa pakamwa ndi a mabuleki akutsogolo. Kuseri kwake timamata kafanulo ka faiba, n'kulumikiza payipi yofewa yopirira kutentha, ya 63 kapena 76 mm. Payipi iloze pakati pa disiki ya buleki, pafupi ndi habu, pomangira tayala. Disiki ya mipata mkati imakoka mphepo pakati n'kuiponyera kunja ikamazungulira. Ukauzira mbali imodzi ya nkhope ya disiki, mbali imeneyo imazizira kuposa inzake, ndipo disiki imatha kupindika kapena kung'aluka. Ukamanga, zungulitsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, uone ngati tayala silikukhula payipi. Mabowo a kumbuyo kwa zitseko amalowetsa mphepo yozizira kuchipinda cha injini, ena amaitengera ku choziziritsa oyilo kapena ku mabuleki akumbuyo, ndipo kumbuyo kwenikweni kwa galimoto kumafunika kotseguka kuti yotentha ituluke.

Palinso timabowo tina tolowa pansi, topapatiza kutsogolo n'kumatambalala kumbuyo, totchedwa NACA. Tinayambira pa ndege ku America m'zaka za m'ma 1940. Timeneti umadula kumapeto kokha, kozama kuja. Pansi pake pamatsetsereka pang'ono, ngati madigiri 7, usapakhudze. M'mbali mwake musiye mwakuthwa. Wina akakonda kusalaza n'kuzunguliza m'mbalimo ndi sandipepa kapena kudzaza pate, phala lotsekera zibowo pa thupi la galimoto, kabowoko kamasiya kukoka mphepo bwino.

Denga la khitchini lija munafolera? Ndinanena kalekale kuti malata anayi otsala aja apite pamenepo. Ndikumva ali kwa alamu pa khola la nkhumba. Abwere. Kuno mphepo ya kunyanja yayamba kuwomba usana ndi usiku, ndipo ndikangomva fungo la fumbi ndimakumbuka mvula yoyamba ya kwathu ku Ntcheu, nkhwani wotendera wa amayi ndi mbatata ya ku Tsangano. Ufa wa kuno ndi woyera koma nsima yake sikhala m'mimba. Disembala sindibwera, basi yokha ingadye feteleza yense.

Chomaliza pa bowo ndi sefa ya waya yotchinga miyala ndi masamba. Sankha ya maso akuluakulu, yosachita dzimbiri. Ya maso ang'onoang'ono imatseka mphepo yambiri, ndiye kuti wadula pachabe. Usaimate yonse ndi rezini. Mata timakutu ta aluminiyamu kuseri, sefa uimange ndi tizibawuti kuti izichoka potsuka. Poyesa timamata tiulusi ta juzi totalika ngati chala kuzungulira bowo, wina n'kumajambula galimoto ikuyenda. Tiulusi tikaloza mkati, bowo likukoka. Tikamavina kapena kuloza kunja, kuseri kwatsekeka.

Tsono uchite izi. Funsa ku galaja kwanuko kanope yakale ya faiba ya pikiapu, yosweka, sangakulipiritse zambiri. Udulepo mabowo atatu, lozungulira, lamakona anayi la 150 ndi 60 mm, ndi lina lofanana nalo mbali inayo. Ulimbitse kuseri monga ndanenera. Rezini, hadena ndi mati ukafunse m'masitolo a penti ya galimoto ku Blantyre, kilo imodzi ikukwana. Amayi akupatsa ndalama yake ukawaonetsa girayinda, osati usanawaonetse. Unditumizire zithunzi za kunja ndi kuseri, ndiponso cha pafupi cha kona imodzi, lula ili pambali.

Za ulendo, palibe zodzera njira zachidule ndi madalaivala a mathiraki. Popanda pasipoti ndi mapepala oyenera sindikutchulanso kwa akapitawo. Ndalama yotsala pa feteleza, amayi asungeko ya mankhwala awo a BP, ina ndi ya yunifolomu ya mwana wamkulu wa achemwali. Lamlungu madzulo ndidzaimba pa foni ya amayi, ukhale pomwepo ndi marisiti.

Ndine,
Mkulu wako