Ndikusowa ana 19, Esnart

Dallas, Lachisanu usiku

Wokondedwa Esnart,

Kalata yako a Gondwe andipatsa Lamulungu kutchalitchi, pamodzi ndi kajumbo ka usipa kamene kafika katasanduka ufa. Ndadya ndithu, usadandaule. Koma chitenje unkanena chija sindinachione. Kaya chinatsala pa Chileka, kaya ndi chimene anavala mayi Gondwe tsiku lomwelo, ine pakamwa ndatseka.

Ndaseka ndekha ngati wamisala ndi nkhani yako ya sekyula yofika Lachisanu kuti iyambe kugwira ntchito Lolemba, a PEA atayipinda m'thumba la jekete. Iwe ukuti kuno zotere kulibe. Khala pansi ndikuuze za mwana wanga Tadala.

Pomulembetsa sukulu anandipatsa fomu yofunsa chiyankhulo cha kunyumba. Ine ndi matama anga ndinalemba CHICHEWA, zilembo zikuluzikulu. Basi mwana anamutengera kukamuyesa Chingerezi, mwana woti Chichewa chake chimathera pa "ndakhuta" ndi "sindikufuna". Tsikulo anali ndi chimfine, manyazi ake ukuwadziwa, anangoti duu kumuyang'ana mphunzitsi. Pano ali m'gulu la ana amene amawatcha emergent bilingual, ndiye kuti ana oti Chingerezi akuchiphunzirabe. Ndinapita kusukulu nditamanga nkhope ya ndewu, mayi wa mu ofesi n'kundiyankha mofatsa kuti si iwo, ndi lamulo. Akuti ndikhoza kusayina kukana makalasi apaderawo, koma mayeso a chaka ndi chaka azilembabe.

Lamulo la ndani? Masabata atatu tsopano ndikulisaka pa foni nthawi ya buleki, anzanga akuwodzera.

Aphungu a kuno ku Texas amakumana ku Austin kamodzi pa zaka ziwiri, masiku 140 okha, kenako aliyense kwawo. Iwo amangozika nsanamira. Kumata ndi kufolera amasiyira Texas Education Agency, nthambi ya boma yoona za maphunziro. Malamulo ena amalemba komishonala wosankhidwa ndi gavanala, pano ndi Mike Morath, wakhalapo kuyambira 2016. Ena amapanga bodi ya anthu 15 ochita kuvoteredwa, ndipo awa lamulo amaliwerenga pa misonkhano iwiri yosiyana asanalivomereze, ngati mmene abusa amalengezera ukwati kuti wodziwa chifukwa anene. Kulengezako kumachitikira mu kanyuzipepala ka boma kotchedwa Texas Register, kotuluka Lachisanu lililonse, mawu akale atawakhwatcha, atsopano atawadula mzere kunsi. Amadikira masiku osachepera 30 kuti aliyense alembe maganizo ake, ndipo polivomereza lamulolo amayenera kunena zimene anthu anadandaula ndi chifukwa chimene avomerera kapena kukanira. Akalipereka ku ofesi yosunga malamulo limadikiranso masiku 20. Pakatha zaka zinayi zilizonse amalitulutsanso kuliyang'ana ngati likufunikabe.

Zabwino, eti? Koma Texas Register amawerenga ndani? Ine wosintha anthu matewera usiku wonse? Ukwati amalengeza ndithu, koma m'tchalitchi mwakhala maloya okhaokha. Ngakhale dzina la gulu la Tadala analisintha mu 2021, kale ankati limited English proficient, ndipo palibe mayi aliyense wa kutchalitchi kwathu amene anamvako.

Tsono mvera ichi. Ndapeza kuti m'dera limodzi la sukulu mukapezeka ana 20 a chiyankhulo chimodzi, a kalasi yofanana, onse olembedwa m'gulu ngati la Tadala, ku pulayimale amayenera kuwaphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri. Esnart, ndikusowa ana 19 basi! Ndawerenga ndi zala mpaka za kumapazi. Mapasa a Gondwe ndi aakulu. Wa Mercy akadali m'mimba. Kuli banja la ku Chipata lili ndi kamnyamata ka msinkhu wake, ndiwauza asalembe Nyanja, alembe Chichewa, tisagawe mavoti. Atsala 18. Ndaganiza zouza amayi a Mvano kuti chaka chamawa aliyense abereke mwezi umodzi, tidikire zaka zisanu ndi chimodzi, kenako tikuitanitse iweyo mphunzitsi wathu wa Chichewa. Ubwere ndi choko chako ndi kandodo kaja, koma kandodoko ukasiye pa Chileka pamodzi ndi chitenje changa. Akutinso anthu 25 akapempha, boma limakakamizika kuitanitsa msonkhano womvera anthu lamulo lisanavomerezedwe. Anthu 25 timakwana pa kanyenya wa pa 6 Julaye. Vuto n'lakuti msonkhano wa 9 koloko ife tidzafika 2 koloko, titanyamula makontena a mpunga.

Ndikuseka, koma dzana Tadala anandifunsa tikudya kuti, "Mami, tikasiya Chichewa kunyumba andichotsa m'kalasi muja?" Anafunsa m'Chingerezi. Nsima inandikanika kumeza. Amayi akaimba foni amangomumvera kupuma, iye n'kundibwezera foniyo. Fomu ija ndinalemba zimene ndimafuna zikanakhala zoona.

Za Amos usandifunse. Anasamuka mu Juni, ali ku Houston, ananyamula chilichonse mpaka ayironi. Munthu wosadziwa kusita n'komwe! Ndikusita yunifolomu ndi kaayironi ka mnzanga wa ku Ghana kamene kamalavula madzi a dzimbiri, malaya awiri awonongeka kale. Lendi akwezanso. Galimoto ikulira ngati chigayo cha kwa Mphate.

Ndimaganizanso za 1994. Ukukumbukira tili Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango, a Muluzi atangolengeza pulayimale yaulere? Panalibe masiku 30, panalibe wofunsa aphunzitsi ngati akwanitsa, ana tinangokhamukira ngati ngumbi, a Phiri akulemba pa bolodi lotsamiritsa pa thunthu. Akanati adikire maganizo a aliyense, kaya bambo akanandipezera ndalama ya fizi chaka chimenecho? Iwe ukanapita, kwanu kunali ng'ombe. Ine ndikanakhala ndikulera ana a achemwali. Ndiye sekyula yakoyo ndikuida nawe limodzi, koma osati ndi mtima wonse.

Shuga wa amayi ukuti wakweranso. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa Limbani, uonetsetse kuti wagula mankhwala osati mayunitsi. Uwauze aNaphiri kuti uthenga wa maliro ndinaumva mochedwa, ndiwaimbira ndikapeza mawu.

Pepala ili ndang'amba m'kope la Tadala ndipo latsala mizere iwiri. Ndimafuna ndikufunse, iwe amene uli ndi ana 90 m'kalasi, mwana wongoti duu umadziwa bwanji kuti sakudziwa kapena akungo

Belu la chipinda 14 lalira. Agogo aja agwetsanso limoti.

Ndine,
Chikondi