Matenda a Graves akagwira mmodzi mwa mapasa, winayo atani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi mabanja amene ali ndi mapasa ofanana ndendende. Mmodzi akapezeka ndi matenda a chithokomiro otchedwa Graves, abale ena amati mnzakeyo nayenso wadwala kale, ena amati sizikumukhudza. Onsewa akulakwitsa.

Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi ndipo chimatulutsa mahomoni a T4 ndi T3, amene amalamula liwiro la ntchito za m'thupi. Homoni ya TSH, yochokera ku kachiwalo ka pansi pa ubongo, ndi imene imachiuza mlingo woti chitulutse. Pa matendawa, omwe Robert Graves wa ku Dublin anawalongosola mu 1835, chitetezo cha m'thupi chimapanga timapuloteni totchedwa TRAb, timene timalanda malo a TSH n'kumakolezera chithokomiro usana ndi usiku. Munthu amawonda koma akudya kwambiri, mtima umathamanga ali chigonere, manja amanjenjemera, thukuta silitha, msambo umachepa, ena maso amatong'oka. Kuno kwathu wotereyu amayezedwa TB, HIV ndi shuga, ndipo n'zoyenera, koma zimenezi zikapanda kupezeka ayezedwe m'magazi TSH ndi free T4, yomwe ndi T4 yoyenda momasuka m'magazimo. Pa Graves TSH imatsika mpaka kutsala pang'ono kutheratu, T4 n'kukwera.

Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi, choncho DNA yawo ndi imodzi, pomwe osafanana amagawana theka lokha monga abale ena a bere limodzi. Thomas Brix ndi anzake anaunika kaundula wa mapasa wa ku Denmark, ndipo mu 2001 anafalitsa zoti mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso pa mapasa ofanana 35 mwa 100, koma pa osafanana chiwerengero sichinafike n'komwe 10. Anawerengera kuti chibadwa chimafotokoza 79 peresenti ya kusiyana kwa chiopsezo pakati pa anthu. Matendawa ndi akumtundu ndithu. Komabe awiri mwa atatu a mapasa aja sanadwale, ngakhale DNA yawo ndi yomweyo ya wodwalayo. Chotengera kwa makolo si chimodzi: pali tizigawo ta DNA monga HLA-DR3, CTLA4, PTPN22, CD40 ndi TSHR, kalikonse kakuwonjezera chiopsezo pang'ono pokha, n'chifukwa chake kulipira ndalama zoyezetsa DNA sikungauze munthu ngati adzadwale.

Pamafunika choputa. Fodya ali patsogolo, ndipo amawononga kwambiri maso a wodwala. Miyezi yotsatira kubereka ndi nthawi inanso yoopsa, pajatu amayi ndi amene amadwala kuposa abambo kasanu kapena kupitirira. Ayodini wochuluka mopyola muyeso, monga wa m'mankhwala a mtima a amiodarone, amaputanso, koma mchere wa ayodini wa kukhitchini musausiye. Ena amadwala patatha chaka chimodzi mpaka zitatu chiyambire ma ARV, chitetezo chikamabwerera mwamphamvu. Ma ARV apitirize, chithokomiro chithandizidwe pachokha.

Mnzake wa wodwalayo asiye fodya, adziwe zizindikiro zija, ayezetse TSH zikangooneka, komanso asanatenge pakati ndiponso akabereka. Ku sikelo anene kuti m'bale wake ali ndi Graves. Chimene ndikuchonderera n'chakuti asamagawane mapiritsi poganiza kuti akupewa. Carbimazole, mankhwala amene wodwala Graves amamwa kuti chithokomiro chichepetse mahomoni, sateteza munthu wabwinobwino. Amangofooketsa chithokomiro chake n'kuchitupitsa.

Wodwalayo nthawi zambiri amayamba ndi carbimazole wa 20 mpaka 40 mg patsiku. Magazi amayezedwa pakatha masabata 4 mpaka 6 alionse, mlingo n'kumatsika kufika 5 mpaka 15 mg, ndipo amamwa kwa miyezi 12 mpaka 18. Ena amasiya msanga mtima ukakhazikika, TRAb isanatsike, matenda n'kubwerera. Ngakhale mwa omaliza bwino, pafupifupi theka amayambiranso, ndipo pamenepo pamaganiziridwa opaleshoni kapena ayodini wa radiyeshoni, kenako levothyroxine, mapiritsi olowa m'malo mwa homoni ya T4, kawirikawiri moyo wonse. Propranolol amachepetsa kuthamanga kwa mtima koma sayenera munthu wa mphumu. M'miyezi itatu yoyamba ya pakati madokotala amasinthira ku mankhwala ena otchedwa propylthiouracil, chifukwa carbimazole angalemaze mwana.

Vuto limene limandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi kutentha thupi. Mwa apo ndi apo carbimazole amagwetsa maselo oyera a m'magazi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, ndipo zizindikiro zake ndi kutentha thupi, zilonda zapakhosi ndi zamkamwa. Wodwala akaganiza kuti ndi malungo n'kugula LA pasitolo, angafe ndi matenda amene thupi likanatha kulimbana nawo. Asiye mapiritsiwo tsiku lomwelo, apite kuchipatala ndi paketi yake m'manja, apemphe kuti amuyeze full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi) pamodzi ndi malungo.

Wogwira ntchito zachipatala,
Zomba